Injini ikamalira pachikweza: mmene mungayezere knock sensor ndi timing pa galimoto yakale

Galimoto yapetulo ikamakwera chitunda n'kumamveka kaphokoso ngati timiyala tikugubuduzika m'chitini, kugalaja mumapezako anthu a mitundu iwiri. Wina amamasula distributor (chipangizo chogawira moto ku mapulagi) n'kumaipotoza mpaka kaphokosoko katasiya. Wina amalumikiza kamakina kowerengera makhodi, akaona P0325 amakutumani kukagula knock sensor. Onsewa nthawi zina amalasa, koma nthawi zambiri mumabwerako ndalama zitapita, galimoto ili yofooka kuposa mmene inalili, mafuta ikumwa ngati kale kapena kuposa. Chimene chasowa pamenepo ndi dongosolo. Sensa imeneyi siifa wambawamba, ndipo timing, imene ndi nthawi yoti pulagi itulutse moto, siiyezedwa ndi khutu. Mukayamba ndi zinthu zosafuna ndalama n'kumapita pang'onopang'ono, vutolo mulipeza, mwina musanagule kanthu.

Zitsanzo zambiri nditengera pa Toyota zakale zochokera ku Japan, chifukwa ndi zimene zadzaza m'misewu mwathu, koma njira yake ndi yomweyo pa Nissan, Mazda ndi zina. Za dizilo sizikulowa muno.

Zimene zikuchitika m'silinda

Petulo wosakanikirana ndi mpweya saphulika kamodzin'kamodzi. Amayaka, ndipo kuyakako kumatenga kanthawi. N'chifukwa chake pulagi imatulutsa moto pisitoni isanafike pamwamba penipeni, kuti mphamvu yonse ipezeke pisitoniyo itangoyamba kutsika. Kutsogola kumeneku kumayezedwa m'madigiri a kuzungulira kwa crankshaft. Mukaona pa kapepala komata kunsi kwa boneti palembedwa 10° BTDC, ndiye kuti moto uzituluka kutatsala madigiri 10 kuti pisitoni ifike pamwamba. Injini ikamathamanga, nthawi imachepa, choncho moto umafunika kutsogola kwambiri.

Moto ukatsogola mopitirira, mafuta amene sanafikiridwe ndi lawi m'mbali mwa silinda amapanikizika ndi kutentha mpaka amadziyatsa okha mwadzidzidzi. Kaphokoso kaja ndi komweko. Kakapitirira kwa nthawi yaitali kamathyola timakoma ta pakati pa maring'i, kamadya mutu wa pisitoni, kamawotcha gasiketi ya hedi. Moto ukachedwa, phokoso simulimva, koma galimoto imakhala yaulesi, imatentha, imamwa mafuta, ndipo manifold ya utsi imapsa kwambiri chifukwa mafuta akutsirizira kuyaka akutuluka.

Knock sensor ndi kachipangizo komangidwa pa buloko ya injini. M'kati mwake muli kamwala kamene kakagwedezeka kamatulutsa timagetsi tochepa. Kompyuta ya galimoto ikamva kugwedezeka kwa mtundu wa kuphulika kuja, imachedwetsa moto pang'ono mpaka kutasiya, kenako n'kumaubweza pang'onopang'ono. Kompyutayo ikaona kuti kuchokera ku sensa sikukubwera kanthu, imadziteteza pochedwetsa moto nthawi zonse. Ndiye gwirani mfundo iyi: sensa yakufa kapena waya wake woduka kawirikawiri sizichititsa galimoto kulira pachikweza, zimaichititsa ulesi ndi kumwa mafuta. Galimoto imene ikulira, nyali ya check engine osayaka, vuto lake nthawi zambiri lili kwina.

Yambani n'kudziwa injini yanu

Onani nambala ya injini pa kachitsulo ka m'chipinda cha injini. Za kabuleta, monga 2E ya mu Tazz ndi Conquest, A14 ya mu Nissan 1400 kapena 4Y ya kabuleta, zilibe knock sensor. Musataye nthawi kuifunafuna. Za EFI (zimene mafuta ake amapoperedwa motsogozedwa ndi kompyuta) zokhala ndi distributor, monga 7A-FE, 3S-FE ndi 5S-FE, zili nayo, ndipo timing yake imasinthika ndi dzanja. Koma si injini iliyonse ya EFI ya zaka zimenezo imene inaikidwa sensa, choncho suzumirani ndi tochi kumbuyo kwa buloko, kunsi kwa manifold yolowetsa mpweya. Za makoyilo okhala pamwamba pa mapulagi, monga 1NZ-FE ndi 1ZZ-FE, zili ndi sensa koma zilibe chopotoza.

Kenako mvetserani

Injini itenthe kaye bwino. Pezani kachitunda, ikani giya yapamwamba pa liwiro lochepa, tinene giya 4 pa makilomita 40 pa ola, tsitsani galasi, pondani moto kwa kamphindi. Kulira kwa moto wotsogola n'kopyapyala, kwachitsulo, kumabwera injini ikalemedwa ndipo kumatha pomwepo mukangochotsa phazi. Musakulole kupitirira masekondi ochepa.

Phokoso lolemera lochokera pansi, lomveka ngakhale galimoto itaima mukamapatsa moto, makamaka nyali ya oyilo ikamaphethira, ndi mabering'i. Injini imeneyo ikupita konoka, ndipo palibe sensa kapena timing imene ingaithandize. Zimitsani. Kutheketa kwa pamwamba komveka pa idling ndi matapeti. Kugogoda kwa m'mawa kumene kumatha injini ikatentha ndi pisitoni yosewera m'silinda. Gwedezaninso ndi dzanja, injini itazizira, malata otchinga kutentha a pa ekizozi ndi mabulaketi onse. Bulaketi yomasuka imasokoneza khutu lanu, ndipo imatha kusokonezanso sensa, kompyuta n'kumachedwetsa moto popanda chifukwa.

Mafuta, kutentha ndi mapulagi

Gawo ili anthu amalilumpha chifukwa silioneka laukatswiri, chikhalirecho mavuto ambiri amathera pomwepa.

Dzifunseni kuti mafuta amene ali m'thanki munawagula kuti. Petulo wa pa filling station ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol amathandiza mafuta kupirira kupanikizika. Wokayikitsa ndi wa m'zigubu amene timagula mafuta akasowa. Akakhala kuti wathiridwa parafini, injini yabwinobwino imayamba kulira tsiku lomwelo. Ngati kulira kunayamba mutangothira mafuta otere, achotseni kapena dzazani thanki ndi abwino musanakhudze sipanala. Dziwaninso kuti ku Japan kuli petulo wa mitundu iwiri, wamba ndi wa octane yokwera, wopirira kwambiri kupanikizika, ndipo injini zamphamvu monga 4A-GE ndi 3S-GE za kumeneko zambiri zinapangidwira wachiwiriyo. Pa zimenezi sensa imagwira ntchito yaikulu tsiku lililonse, choncho musaisiye yakufa.

Kutentha ndi mnzake wa kulira. Onani ngati madzi ali okwana, fani ikuzungulira nthawi yake, rediyeta sinatsekeke ndi matope kapena dzimbiri. Injini yotentha mopitirira imalira ngakhale timing ili yolondola. Amene anachotsa thermostat poganiza kuti kuno n'kotentha abwezeretse, chifukwa kompyuta imawerengera mafuta ndi moto potengera kutentha kwa madzi, ndipo injini yosafika pa kutentha kwake imaunjika mwaye m'masilinda.

Tulutsani mapulagi onse muwaike pa nsanza motsatana ndi masilinda ake. Yabwino imakhala yotuwa mofiirira kunsonga. Yoyera mbee, kapena yokhala ndi timadontho takuda ngakhale tonyezimira pa dothi lake loyera, ikukuuzani kuti silinda imeneyo ikupsa, ndipo timadontho tonyezimira tingakhale zitsulo za pisitoni. Werengani nambala ya pulagi muione ngati ndi imene buku la galimotoyo limanena. Pulagi yotentha mopitirira nsonga yake imafiira n'kuyatsa mafuta moto usanatuluke. Mpata wake pa Toyota zambiri za EFI ndi 1.1 mm, pa za kabuleta zambiri 0.8 mm. Mawaya a mapulagi atsatane bwino, 1-3-4-2 pa injini za masilinda anayi.

Tsirizani ndi timapaipi tonse ta vacuum. Kong'ambika kamalowetsa mpweya wosawerengedwa, mafuta n'kuchepa, moto n'kutentha. Ngati injini ili ndi valavu ya EGR, imasuleni muone ngati njira zake sizinatsekeke ndi mwaye. EGR imabweza utsi pang'ono kuti uziziritse kuyaka, ndipo ikatsekeka, kapena wina akaitseka dala ndi kachitsulo, kulira kwa pa liwiro la pakati kumayamba.

Kuwerenga makhodi

Pa Toyota za m'ma 1990 simufunika makina. M'chipinda cha injini muli kabokosi kakang'ono kolembedwa DIAGNOSIS, ndipo kunsi kwa chivundikiro chake kuli mapu a mabowo ake. Kiyi ili pa OFF, lumikizani TE1 ndi E1 ndi kawaya. Onetsetsani kawiri kuti mwalasa mabowo oyenera, chifukwa m'kabokosi momwemo muli bowo la +B lobweretsa magetsi a batire. Tembenuzani kiyi ifike pa ON, osaliza injini, phazi kutali ndi moto, muyang'ane nyali ya check engine.

Ikamaphethira mofulumira mosalekeza, palibe khodi. Ikaphethira kasanu, n'kupuma sekondi imodzi ndi theka, n'kuphethira kawiri, imeneyo ndi 52, khodi ya knock sensor. Makhodi akakhala angapo amabwera motsatana kuyambira wamng'ono, kenako nyali imapuma nthawi yotalikirapo n'kuyambiranso. Khodi 53 ikunena za mbali ya kompyuta yoyang'anira sensayo, 55 ndi sensa yachiwiri pa injini za V6. Lembaninso ena amene atuluke, makamaka 12 ndi 13 a chizindikiro cha kuzungulira kwa injini, 14 wa moto wa mapulagi, 22 wa sensa ya kutentha kwa madzi ndi 41 wa sensa ya throttle (kachitseko kolowetsa mpweya m'injini). Amenewa akonzeni poyamba, popeza onse amakhudza timing. Pa Nissan za nthawi yomweyo khodi ya knock sensor ndi 34, ndipo kumeneko 55 amatanthauza kuti zonse zili bwino, ndiye musasakanize mabuku.

Zokhala ndi soketi ya mabowo 16 kunsi kwa chiwongolero zimawerengedwa ndi makina. P0325 ndi dera la sensa yoyamba, P0327 ndi P0328 magetsi ake achepa kapena achuluka, P0330 ndi sensa yachiwiri. Galimoto zina zopangidwira msika wa ku Japan zimakana timakina totchipa. Zikatero pa Toyota lumikizani bowo 13 ndi bowo 4, amene ndi TC ndi CG, nyali iphethira ngati kale lija.

Khodi imanena za dera lonse, kuyambira pa sensa, soketi, waya, mpaka pa kompyuta. Siinena kuti sensayo yafa. Ilembeni, kenako ifufuteni pozula fyuzi ya EFI kwa mphindi imodzi, mukayendetse galimoto. Apa pali msampha. Pa injini zambiri zakale kompyuta siiyesa sensa imeneyi pa idling, imadikira injini ithamange ndi kulemedwa. Makaniko akafufuta khodi, injini n'kumalira phee pagalaja nyali osayaka, sizikutanthauza kuti wakonza. Pitani nayo pamsewu, mukwere nayo chitunda.

Waya poyamba, sensa pambuyo

Khodi ikabwerera, injini izizire, chotsani waya wa negetivu pa batire, mufike pa sensa. Pa injini za masilinda anayi za Toyota imakhala pa buloko kunsi kwa manifold yolowetsa mpweya, ndipo nthawi zambiri imafikirika bwino kuchokera pansi. Galimoto ikhale pa masitandi, osati pa jeki yokha. Pa V6 monga 1MZ-FE masensa awiri ali m'chigwa cha pakati pa mahedi, ndipo kuti muwaone mpaka manifold ichoke.

Yang'anitsitsani soketi. Pulasitiki yake yakhala ikuwotchedwa zaka makumi awiri kapena atatu, ndipo kawirikawiri mukangoigwira imanyenyeka m'manja. Mungapeze kachitsulo ka m'kati kabiriwira ndi dzimbiri, kapena kawaya katangotsala ndi tingwe tiwiri pamene kakulowera m'soketi. Tsatirani waya ndi zala. Makoswe amakonda malo ofunda amenewa galimoto ikakhalitsa osayenda, ndipo amene anatsitsapo sitata kapena giyabokosi amatha kuupana osadziwa. Waya ameneyu si wamba. Ali ndi ulusi wapakati wonyamula chizindikiro, wokutidwa ndi ukonde wachitsulo woutchinjiriza ku magetsi a mapulagi ndi alternator. Wina akadulapo n'kulumikiza waya wa nyale, kapena akapotokola ukonde pamodzi ndi ulusi wapakati, khodi siidzachoka ngakhale mutagula masensa khumi.

Tengani multimeter muike pa ohms. Zulani soketi ya pa kompyuta, mupeze bowo lolembedwa KNK pa mapu a mawaya a galimotoyo. Kuchokera pamenepo kufika pa soketi ya sensa mita iwerenge pafupifupi ziro. Kuchokera pa ulusi womwewo kupita ku bodi ya galimoto isawerenge kanthu. Uku mukuyeza, wina azigwedeza waya, chifukwa woduka m'kati umalumikizana ukakhala phee n'kulekana injini ikamanjenjemera.

Tsopano sensa. Ya Toyota yakale ya waya umodzi, yooneka ngati bawuti yonenepa, pakati pa kachitsulo kake ndi thupi lake pasakhale njira ya magetsi. Mita ikawerenga ma ohms ochepa, yapsa. Yatsopanopo yafulati, ya mawaya awiri ndi bowo pakati, imene ili pa 1NZ-FE ndi 1ZZ-FE za m'mbuyo muno, imawerenga pakati pa 120 ndi 280 kΩ ikakhala yozizira. Ya Nissan zambiri za m'ma 1990 imawerenga pakati pa 500 ndi 620 kΩ. Ionetsetseninso pa kuwala ngati pulasitiki yake sinang'aluke. Mukhozanso kuika mita pa AC pa muyeso wotsikitsitsa, sensa ili pamalo pake, n'kugogoda buloko pafupi nayo ndi sipanala. Manambala akamadumpha pa kugogoda kulikonse, kamwala kaja kali moyo. Gogodani buloko, osati sensa.

Ikapezeka kuti yafadi, gulani ya nambala yofanana ndi yakaleyo. Ya waya umodzi ija inachunidwa kuti izimva kulira kwa silinda ya kukula kwakutikwakuti, choncho ya injini ina ikhoza kulowa bwinobwino pa bowo koma osamva kanthu. Ine ndimasankha yakale yeniyeni yochotsedwa pa injini ya mtundu womwewo kusiyana ndi yatsopano yopanda dzina ya mtengo wokayikitsa. Poika, pamalo pake pakhale poyera ndi pouma. Osaika washa, girisi kapena tepi ya mapaipi. Kumanga kwake n'kofunika kuposa mmene ambiri amaganizira: yomasuka siimva bwino, yomangitsa imasweka m'kati kapena kumamva zilizonse. Yafulati ya Toyota imamangidwa 20 N·m, ndipo za mitundu ina onani m'buku lake, mubwereke torque wrench. Sensa ikagwa pa simenti musaikhulupirirenso. Pa V6, popeza mwavutika kale kuchotsa manifold, sinthani ndi kawaya kafupi ka m'chigwamo nthawi yomweyo.

Pali njira ziwiri zachidule zimene ndimazikana. Ena amaika resistor m'malo mwa sensa, ena amaisamutsira pa bulaketi ya pamwamba pofikirika mosavuta. Nyali ikhoza kuzima, koma kompyuta imatsala ikukhulupirira kuti ikumva injini pamene siikumva. Tsiku limene mudzathire mafuta oipa mutanyamula katundu, sipadzakhala chochedwetsa moto.

Kuyeza timing pa injini ya EFI yokhala ndi distributor

Mufunika timing light (nyali yophethira nthawi iliyonse pulagi ikatulutsa moto), choko, sipanala ya mabawuti a distributor ndi kawaya kaja kolumikizira TE1 ndi E1. Injini isanalire, pezani kamzera kozokotedwa m'mphepete mwa pulley ya crankshaft, mukapukute, mukapake choko. Pukutaninso manambala a pa chivundikiro cha lamba, pamene pamalembedwa 0, 5, 10, 15 kapena zofanana nazo.

Lizani injini ifike pa kutentha kwake, fani izungulire kamodzi n'kusiya. Zimitsani AC ndi nyali zonse, giya ikhale pa free kapena pa P, handibuleki itakokedwa. Idling ikhale pa mlingo wake, ndipo throttle ikhale yotsekeka kwathunthu. Waya wochokera ku pedulo ya moto akakhala wokokedwa mopitirira, kompyuta siidziwa kuti muli pa idling ndipo zimene muwerenge zikhala zabodza. Lumikizani timing light ku batire, kopanira kake mukakoleke pa waya wa pulagi ya silinda 1, ya kufupi ndi lamba.

Tsopano lumikizani TE1 ndi E1. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Pa idling kompyuta imasinthasintha moto nthawi zonse pofuna kuti injini iziyenda mosadukiza. Mukayeza popanda kawaya, mukuthamangitsa chinthu choyenda. Kawaya kaja kamaiuza kuti isiye kusintha, iimike moto pa maziko ake. Nthawi zambiri mumamva kulira kwa injini kukusintha pang'ono mukangolumikiza.

Lozani nyali pa pulley, malaya, tayi ndi mawaya a nyaliyo zili kutali ndi malamba, pokumbukira kuti fani yamagetsi imayamba yokha. Kamzera ka choko kaoneka ngati kaima. Pa 4A-FE, 5A-FE, 7A-FE, 3S-FE ndi 5S-FE kayenera kuima pa 10° BTDC. Pa 22R-E ndi 5°. Kapepala ka pa boneti kakanena zina, tsatirani kapepalako. Ngati kaphonya, masulani mabawuti a distributor pang'ono chabe, moti izitembenuka mokakamiza. Igwireni pathupi, osati pa mawaya, chifukwa waya wotha amamenya koopsa. Kuitembenuzira kotsutsana ndi kumene rotor imazungulira kumatsogoza moto, kuitembenuzira komwe rotor ikupita kumauchedwetsa. Sunthani pang'onong'ono, popeza digiri imodzi pa distributor ndi madigiri awiri pa crankshaft. Mangani, muyezenso, chifukwa pomanga imakonda kusuntha.

Chotsani kawaya. Kamzera kayamba kuyendayenda pang'ono, ndipo zimenezo n'zabwino. Patsani moto pang'onopang'ono, kamzera kasunthe mosadumpha kupita kotsogola mpaka kupitirira manambala onse. Kakakana kusuntha, kompyuta ikuona vuto lina kapena mwaiwala kawaya pamalo pake.

Chizindikiro chikamanama

Mukapeza kuti distributor yafika kumapeto kwa mpata wake koma 10 sakukwana, kapena mwaika pa 10 koma galimoto ikukana kukoka, siyani kupotoza. Vuto lili pansi pa zimene mukuyeza.

Pulley zambiri zili ndi zigawo ziwiri zogwirizanitsidwa ndi labala. Labalayo akakalamba, chigawo chakunja, chimene chili ndi kamzera, chimaterereka. Tsimikizani motere: injini itazima, tulutsani pulagi ya silinda 1, lowetsani kapaipi kapulasitiki kowongoka kotalika bwino, muzungulitse crankshaft ndi sipanala pa bawuti ya pulley kumene injini imazungulira. Kapaipiko kakwera, kaima, kenako kayamba kutsika. Pakati pa kuimako ndi pamwamba penipeni, ndipo kamzera kayenera kukhala pa 0. Kakakhala patali, sinthani pulley. Muoneretu kakiyi ka pa crankshaft ngati sikanadyeke, zimene zimachitika bawuti ya pulley ikakhala kuti sinamangidwe mokwanira.

Pulley ikakhala yoona, tsegulani chivundikiro chapamwamba cha lamba wa timing. Pa injini za A ndi S zimene ndatchulazi, crankshaft ili pa 0 silinda 1 ikupanikiza, kabowo ka pa pulley ya camshaft kayenera kuyang'anizana ndi chizindikiro cha pa bearing cap kumbuyo kwake. Dzino limodzi lokha likaphonya, distributor imene imazunguliridwa ndi camshaft imaphonya nayo, ndipo mavalavu amatseguka nthawi yolakwika. Kupotoza distributor kungabise theka la vutoli koma mphamvu sizibwerera. Izi zimachitika kwambiri lamba akangosinthidwa, kapena akapitirira makilomita 100,000 amene anayenera kusinthidwira. Kamzera kakamadumphadumpha kawaya kali pamalo, gwedezani shafiti ya distributor ndi dzanja. Ikamasewera m'mbali, yatha. Pa injini za tcheni, tcheni chotamuka chimachitanso chimodzimodzi.

Za kabuleta ndi mapointi

Pano palibe kompyuta yokutetezani, ndiye dzanja lanu likhale losamala. Yambani ndi mpata wa mapointi (tizitsulo ta m'distributor totsegula ndi kutseka magetsi a koyilo), pafupifupi 0.45 mm pa Toyota zambiri, chifukwa mpata ukasintha timing imasinthanso. Kachidendene ka mapointi kakamadyeka, mpata umachepa ndipo moto umachedwa, n'chifukwa chake galimoto zimenezi zimafooka pang'onopang'ono mwini wake osazindikira. Mukatha, zulani kapaipi ka vacuum pa distributor, mukatseke, muyeze ndi nyali monga tafotokozera, potsatira nambala ya injini yanu.

Yesaninso zotsogoza moto ziwiri za m'kati. Chotsani chivundikiro cha distributor, potozani rotor ndi zala kumene imazungulira. Isunthe pang'ono, mukaisiya ibwerere yokha. Ikauma, tizitsulo tolemera ta pansi tagwidwa dzimbiri, ndipo ikapanda kubwerera, masipuling'i atha, moto uzitsogola msanga n'kumalira. Kenako yamwani kapaipi ka vacuum. Mbale ya mapointi isunthe, ndipo mukatseka kapaipiko ndi lilime ikhale pomwepo. Mukamangokoka mpweya wopanda malire, chikopa cha m'kati chabooka.

Kumudzi kopanda timing light, babu ya 12V ya mawaya awiri imakwanira pa za mapointi. Ikani kamzera ka pulley pa digiri yofunika, rotor italoza waya wa silinda 1. Lumikizani babu pakati pa negetivu ya koyilo ndi bodi, kiyi pa ON. Bwezani distributor kumene rotor imapita mpaka babu itazima, kenako itembenuzeni pang'onopang'ono mobwerera. Pamene babu yangoyaka, mapointi atseguka, mangani pomwepo. Musasiye kiyi pa ON nthawi yaitali, koyilo imatentha.

Amene amachuna ndi khutu akumbukire za mapiri athu. Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, Dedza pafupifupi 1,600, pamene Nchalo ndi Nsanje sizifika ngakhale 100. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, silinda siidzaza kwambiri, ndipo injini imapirira moto wotsogola. Galimoto yochunidwa ku Dedza m'mwezi wa June mpaka pamalire a kulira, ikatsikira ku Chikwawa mu October itanyamula matumba, iyamba kulira isanafike n'komwe pa zitunda za Thabwa pobwerera. Nambala ya m'buku inasiya mpata wa zonsezi.

Zopanda distributor

Vitz, Probox ndi Sienta zoyambirira, komanso Corolla za m'ma 2000, nazonso zakalamba tsopano. Pa izi timing mungathe kuiona koma simungaisinthe. TC ndi CG zitalumikizidwa, 1NZ-FE ndi 1ZZ-FE zimaonetsa pakati pa 8 ndi 12° BTDC pa idling, ndipo makina abwino amaonetsa nambala ya moto galimoto ikuyenda. Ikaphonya, funani chifukwa: sensa ya crankshaft ndi P0335, ya camshaft ndi P0340, kusagwirizana kwa ziwirizi ndi P0016, kumene kawirikawiri ndi tcheni chotamuka kapena choikidwa molakwika. Valavu ya oyilo ya VVT-i (yosintha nthawi imene mavalavu amatseguka) ndi kasefa kake zimatsekeka ndi oyilo wokhalitsa. Zitsukeni musanaganize zotsegula injini. Mukaonanso P0171, mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya, ndipo kutsuka sensa yoyeza mpweya wolowa m'injini ndi mankhwala ake enieni kumathetsa kulira kwina kumene anthu amanamizira knock sensor.

Ikamalirabe zonse zili m'malo

Bwererani pa chitunda chija, pa giya yomweyo ndi liwiro lomwelo. Pa injini ya sensa, kulira kamodzi kapena kawiri mukangoponda moto kenako n'kusiya ndi umboni woti sensa yamva ndipo kompyuta yachitapo kanthu. Werenganinso makhodi mukabwerako.

Kukapitirira, yezani compression (mphamvu ya kupanikiza m'silinda). Manambala okwera kuposa a m'buku akuloza zinthu ziwiri. China ndi mwaye wounjikana pa mapisitoni ndi m'hedi, wofala pa injini zodya oyilo ndi zoyenda maulendo afupiafupi m'tauni. Umachepetsa malo oyakira ndipo umasunga moto, mwina mpaka injini kumapitiriza kugwedezeka mutazimitsa kiyi. China ndi hedi imene inapalidwa kangapo itapindika ndi kutentha. Funsani mwini wake wakale kapena yezani kutalika kwa hediyo poyerekeza ndi malire a m'buku. Yopalidwa mopitirira imafuna gasiketi yokhuthala ngati ilipo ya injini imeneyo, apo ayi hedi ina. Podikira kuti ndalama zipezeke, pa injini ya distributor mukhoza kuchedwetsa moto ndi madigiri awiri kuchokera pa nambala ya m'buku, osapitirira apo, mutayeza ndi nyali. Lembani nambala yatsopanoyo ndi tsiku lake pa kapepala, mumate kunsi kwa boneti, ndipo pachikweza muzitsitsa giya msanga injini isanayambe kulemedwa.